Malemu amuna anga m'tayala la kumbuyo

Ine sukulu ndinangoinunkhiza, koma makutu Mulungu anandipatsa a galu. N'chifukwa chake chaka chimene mkamwini wanga anagula galimoto, mlandu utakula, amene anakamvera tayala ndine.

Mkamwiniyo ndi mwamuna wa mwana wanga wotsiriza, munthu wa ku Namwera amene anadzamanga pamudzi pathu, tsidya lino la mlatho. Anayamba ndi kabaza, kupalasa anthu mpaka thalauza kung'ambika kumbuyo. Kenako anapita ku Joni, n'kubwerako ndi kagalimoto kotopa kale, koti azinyamulira anthu njira ya ku Malindi. Tsoka lake, galimotoyo inafika amuna anga atangomwalira kumene, sadaka yawo tisanadye n'komwe. Tsoka linzake, galimotoyo inkalira. Osati injini ayi. Kumbuyo, chakumanzere, ikangoponda phula: wuuu, wuuu, wuuu, ngati munthu amene amutsekera mumgolo.

Apo Mangochi inapeza ndiwo. Amayi ogulitsa usipa anati amene aja ndi malemu. Akabaza, anzake akale, nsanje ili tho, anati mnyamata wakhwima, wapha apongozi ake n'kuwalowetsa m'tayala kuti azimukankhira galimoto. Anthu anayamba kuikana. Mayi wina anatsikira panjira akutchula dzina la Mulungu, dengu la tomato n'kulisiya momwemo.

Nkhani inafika kwa achimwene anga, eni mbumba, munthu wamtima wapachala ngati machesi. Anagamula ali chilili kuti mkamwini apinde mphasa yake abwerere kwawo kumapiri, ukwati wathera pomwepo. Mwana wanga anali woyembekezera, mimba ili apo, akungolira kuseri kwa khitchini. Ndiye ndinati dikirani achimwene, amene ndagona ndi munthuyo mphasa imodzi mpaka mano kutha ndine. Mawu awo ndikuwadziwa, chifuwa chawo ndikuchidziwa, ngakhale kanyimbo kawo ka kumunsi kaja, akadya nyemba, ndikukadziwa. Ndikwezeni ndikamve. Akapezeka kuti ndi iwo, mkamwini apite.

Tsono kwathu kuno mkamwini ndi apongozi sayang'anana, salankhulana pamaso. Mwana wa eni ake anatembenuza kagalasi kake kuloza kudenga kuti maso athu asakumane. Achimwene anakhala kutsogolo ndi kofiya yawo yoyera. Ine kumbuyo, pamwamba penipeni pa tayala lolira, nsalu nditafunda mpaka kumphuno. Ndikafuna kuti athamange, sindikanamuuza, ndiye ndinkaimbira msewu.

Msewu iwe, msewu iwe,
auze oyendetsa aponde moto,
nkhalamba ikufuna kumva mwamuna wake.

Iye ankayankha kudzera kwa achimwene kuti auzeni mayi ndamva.

Pamchenga wa kumudzi, zii. Titakwera phula, a m'tayala aja anayamba. Pang'onopang'ono ankang'ung'udza, tikathamanga ankakweza mawu, pokhota osasintha, potsetsereka osapuma. Wuuu, wuuu, kenako ka kha kumapeto. Abale anga, kunali kuliza mkonono kwa amuna anga kwenikweni, ndi ka kha komweko, kamene kankandidzutsa ine n'kuwasiya iwo ali m'tulo. Chiseko chinandigwira m'mimba. Ndinaluma nsalu, mapewa akugwedezeka, misozi ili chuchuchu.

Achimwene anacheuka, n'kundiona ndikunjenjemera. Anavula kofiya.

"Achemwali akulira. Ine ndinawamva kale, alamu anga awa, ndagona nawo m'bwato. Iwe, khota, ukapinde mphasa."

Ndinasuzumira pansi pa nsalu. Khosi la mkamwini linali thukuta lokhalokha, manja akuterereka pa chiwongolero. Chiseko chinathera pomwepo. Kunena kuti ndimaseka, achimwene akanati chisoni chandizunguza mutu. Ndiye ndinaimbiranso msewu kuti utifikitse ku boma kwa omata matayala, ndipo achimwene ndinawauza kuti ngati alamu awo alimo, atulutsidwe kaye, Msilamu sagona m'labala. Pamenepo sakanakana.

Womata matayala anali bambo wonenepa, ovolosi lamba mmodzi, pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Mbiri ya galimotoyo anali ataimva kale, ndipo anafunsa mwaulemu kuti malemu ali mbali iti. Anaika jeke, tayala n'kulendewera. Analizunguza akutchera khutu, analigwedeza uku ndi uku kuti amve ngati beringi yatha, anayesa manati, anatokosa timiyala m'mizere ndi waya. Kenako anatenga dzanja langa n'kuliyendetsa pamsana pa tayala. Kupita uku kusalala, kubwerera uku kukanda ngati mamba a chambo, ndipo pena pokwera, pena polowa. Anati shoku ya mbali imeneyo, chitsulo choletsa galimoto kunjanja, inafa kalekale, tayala limangodumphadumpha pamsewu n'kumadyeka zigambazigamba, komanso ndi la kaunjika, linabwera kuno litakalamba kale kwa eni ake.

Achimwene anafunsa kuti nanga walidya ndani ngati si alamu awo, munthu amene sankasiya kanthu m'mbale.

Womata uja anati tiyese china. Anachotsa tayalalo n'kulimanga kutsogolo, la kutsogolo n'kulibweza kumbuyo, tinazungulira mpaka pa mlatho. Kulira kunasamukira kutsogolo, pansi pa mapazi a achimwene. Iwo anakweza miyendo m'mwamba, n'kunena kuti zoonadi, mwamuna wamkulu sangakhale kumbuyo ndi azimayi. Tinabwerera, anamanga sipeya, tinazunguliranso. Zii, ngati mumzikiti anthu atatuluka. Achimwene anati mwaona, ali m'tayala lachotsedwali.

Apa n'kuti akabaza atatizinga, ena atasiya makasitomala padzuwa. Ndinati litseguleni. Womata analiphwetsa, analimenya ndi chitsulo, n'kulivula pa limu. Ndinamanga nsalu m'chiuno, ndinagwada, mutu wonse m'tayala.

"Bambo a ana, ngati mulimo tulukani. Kunyumba kuli chambo chowotcha, mutu ndakusungirani."

Zii. Ndinaitananso, ulendo uno moimba, ndi dzina lija ndinkawaitanira tili achinyamata, limene sindilitchula pano. Zii. Munali fungo la labala, kamchenga, ndi kangaude mmodzi wowonda.

Ndinatulutsa mutu, mpango utapotoka, mphuno ili bii. Ndinawauza achimwene kuti munthu amene uja mutu wa chambo ankaumva ali pakati pa nyanja, sakanakhala chete. Ndipo akumbukire bwino: alamu awo anakankhapo chiyani pamoyo wawo? Bwato lenilenilo ankadikira anzawo alikankhe, iwo n'kudumphiramo madzi asanafike m'mawondo. Lero atamwalira ndiye akankhe galimoto yodzaza anthu ndi matumba mpaka ku Malindi? Akabaza anagwa nacho chiseko, omwe aja anayambitsa bodzali. Ndinati ngati achimwene sakukhulupirira, alowetse mutu wawo awaitane okha.

Achimwene anayang'ana tayala, anayang'ana khamu, anayang'ana kofiya yawo yoyera. Anatsokomola. Anati iwo chiyambire ankakayika, anthu a pamsika pakamwa pawo mpoola. Mkamwini akhale, koma agule shoku, asamachititse manyazi mbumba ndi galimoto yoliza mkonono.

Mkamwini anangokhala pansi pa dothi pomwepo, nkhope atalozetsa kumbali, akupukuta m'maso ndi malaya. Ine nthungululu, lululu, mpaka ogulitsa nsomba anaimirira kufunsa kuti wabadwa ndani.

Tikunyamuka, achimwene anatola tayala lija mwakachetechete, akuti akadulitse nsapato, labala lake n'lolimba. Ndinawalanda.

"Mmawa monse mwakhala mukuti ndi alamu anu, tsopano mukufuna muziwaponda?"

Tinaliika m'buti. Mwana wanga atationa tikutsika tonse atatu, ine ndikugubuduza tayala ndikuvina, anadziwa yekha kuti mwamuna wake sakupita kulikonse, ndipo anathamangira kukagwira nkhuku. Tayalalo lili padenga panga, likupanikiza malata kuti mwera usawaulutse.