Khushoni Yatsopano, Tayala Lomanga ndi Mphira

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, chifukwa akanapanda Iye, bwenzi sabata ino pakhomo panga pali maliro. Koma ndikatha kuthokozako mundilole ndikalipe, pakuti mtima wanga sunatsikebe.

Lachiwiri m'mawa ndinaperekeza mwana wanga Esinati ku sikelo. Ndi woyembekezera, mimba yake yoyamba, ndipo masiku ake ayandikira. Kuchoka kwathu kukafika kumsewu wa tala wopita ku Benga ndi kamtunda ndithu, choncho tinaitana akabaza awiri. Esinati anakwera njinga ya a Lusiyano, bambo amene timapemphera nawo mpingo umodzi. Ine ndinakwera inayo, n'kumatsata pambuyo.

Njinga ya a Lusiyano ndi yokongola, pamenepo sindinama. Khushoni yofiira yamphonje, magalasi uku ndi uku, belu lomveka kutali. Kumbuyo anakhomako kachitsulo kolembedwa kuti woyendetsa ndi Mulungu.

Titafika potsetsereka, pafupi ndi kamlatho ka kuminda ya mpunga, ndinangomva phuu! Njinga ija inayamba kugwedera, a Lusiyano analumphira uko, mwana wanga n'kugwa chammbali. Ndinakuwa mpaka amayi amene anali m'minda anataya makasu n'kuthamangira kumsewu.

Anagwera pamchenga. Pafupi pomwepo, pongotambasula mkono, panali miyala ya mlathowo.

Titamudzutsa, ndinapita kukayang'ana tayala lakumbuyo. Abale anga, lija silinali tayala ayi, chinali chisanza. Mano ake anatha kalekale, linali see ngati mbale. Ulusi wam'kati unali poyera. Pomwe panang'ambika kale anangopakulunga ndi mphira, ndipo chubu chinaphulikira pomwepo.

"A Lusiyano, kodi simumaona kuti tayala ili latha?" ndinawafunsa.

"Mayi, linali likadali ndi moyo ili. Mwezi uno likanamaliza bwinobwino. Ameneyu ndi Satana basi."

"Satanayo ndiye anamanga mphirayi?"

Anakanda m'mutu. "Inetu ndimapemphera ndisananyamuke, mayi. Inunso mukundidziwa."

Apa ndiye anandipsetsa mtima kwenikweni. Ine pemphero ndimalidziwa, ana anga ndawalera ndi maondo. Koma ndikapempha kuti mvula isatinyowetse m'nyumba, ndimakamwetanso udzu wofolerera. Kunyamula mayi wapakati pa tayala lomanga ndi mphira, n'kumati Mulungu ationa, chimenecho si chikhulupiriro. Kumeneko ndi kumuyesa Mulungu.

Kodi kudziwa kuti tayala latha kumafuna sukulu? Ine ndinalekeza kupulayimale, koma ndikudziwa. Mano akafafanizika, latha. Ulusi ukaonekera, latha. Likatupa pambali ngati chithupsa, kapena likachita ming'alu ngati chidendene cha m'chilimwe, latha. Ngati sabata iliyonse muli pansi pa mtengo kumatitsa chubu chomwechomwecho, vuto si minga ya mumsewu, achimwene. Tayalalo likukutsanzikani.

Ndinawafunsanso a Lusiyano kuti nanga khushoni yatsopanoyi mwaipeza bwanji, tayala n'kukukanikani? Yankho lawo landisowetsa mtendere mpaka lero.

"Mayi, pa siteji anthu amasankha khushoni. Munaonapo ndani akuwerama kuyang'ana tayala?"

Ndipo sananame. Pitani pa siteji iliyonse, kaya ku Boma, kaya ku Benga, muone mmene timasankhira. Timagwira pokhalira kuti timve kufewa, timayang'ana mphonje, timasirira magalasi. Chimene chimagunda pansi, chonyamula moyo wathu, palibe amachilabadira. Akabaza anatiwerenga bwino, ndiye akutipatsa chomwe maso athu amafuna.

Musandimve molakwa. Akabaza ndimawathokoza kwambiri. Atinyamulira odwala, matumba a chinangwa, madengu a usipa, dzuwa likuswa mtengo. Ndikudziwanso kuti zinthu zadula ndipo kunyumba ana akudikira ufa. Koma wosauka akanyamula mnzake wosauka, ndiye moyo wa wokwerayo utsike mtengo? Njinga ikagona pakhomo mpaka tayala lipezeke, mudzaikweranso. Nanga mwana akapita ali m'mimba, mukamugula kusitolo iti?

Kuchipatala anamwino anamugoneka Esinati n'kuyamba kumvetsera pamimba. Ine ndinaima pambali n'kumapemphera chamumtima. Kenako anati, "Mtima wa mwana ukugunda bwino, agogo. Wangosupuka chigongono mayiyu." Ndinalira pomwepo, osachita manyazi. Ambuye alemekezeke.

Pobwerera, ndinafika pa siteji n'kuwerama, kutsina tayala la njinga iliyonse. Akabaza anafa nacho chiseko.

"Mayi, mukufuna kuigula njingayo?"

"Ayi bambo, ndikufuna kudzanyamula mdzukulu."

Zingapo ndinazikana, eni ake akung'ung'udza. Asiyeni aseke, ine ndiziwerama basi, ndipo inunso amayi anzanga yambani kuwerama. Tikamakana ambiri, matayala atsopano apezeka msanga kuposa mphonje.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa. Koma dzulo ndikuchokera kumunda, ndinamva belu lija. A Lusiyano anandidutsa akupalasa mwamphamvu, chubu atamata, tayala lomwe lija, mphira atangowonjezera ina pamwamba. Ndinawakuwira, iwo anangokweza dzanja. Pa khushoni yofiira ija panakhala mayi wina, khanda lili kumsana, akulowera kotsetsereka komwe kuja.

Ine wanga anagwera pamchenga. Nanga uyo akagwera pati?