Lezala Linandidumpha

Mayi wina amene amagulitsa tomato pafupi ndi benchi yanga ya mbatata, pamsika wa pa boma, anandipatsa kabuku. Akuti, "Achimwene, mkwiyo ukuondetsani. Werengani aka, kamatsitsa mtima."

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndimawerenga cholozera ndi chala. Koma ndinakamaliza. Kamati m'bale wako ndi amene amakukonda, magazi alibe ntchito. Kamatinso ukapsa mtima uzilemba, upepukidwa. Chabwino, ndikulemba. Tione.

Amayi amene anandilera kumapiri ku Dambe sanandibereke. Ondibereka anali mlendo wodzagwira ganyu m'minda, anamwalira ine ndikukwawa, kwawo palibe anakudziwa. Amayiwa anangonditenga basi. Ndinkagona mphasa imodzi ndi ana awo. Tikalakwa, chikwapu chinali chimodzi. Atakalamba, ana awo onse ali ku Blantyre, ndine ndinkawabereka kumsana kupita nawo kuchipatala, chitunda chonse chija, iwo akundinena kuti malaya anga akununkha fodya.

Anamwalira chaka chatha nthawi yozizira. Kwathu maliro akatha, abale a malemu amametedwa tsitsi. Apadera sametedwa. Titaika maliro, m'mawa wake tinakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, ine pakati pa achimwene aakulu ndi mlongo wathu wotsiriza. Wometa anali amalume, mlongo wawo wa amayi. Anameta achimwene. Ndinavula chipewa, ndinaweramitsa mutu. Ndinangoona mapazi awo akundidutsa.

Ndinati, "Amalume, mwandidumpha."

Akuti, "Aa, inu musavutike. Mwatithandiza kale kwambiri."

Mwatithandiza! Ngati ndine waganyu. Moyo wanga wonse munthu uyu amanditchula kuti iwe, amandituma fodya, lero ndasanduka inu. Ulemu umenewo unandiwawa kuposa mbama.

Ndinayang'ana achimwene. Anali kusisita mpala wawo, maso pa foni. Mlongo wathu anayang'ana pansi. Munda sindinaufune ine, nyumba sindinaifune. Ndimangofuna tsitsi langa ligwere pamulu umodzi ndi lawo.

Ndinavala chipewa nkutsika phiri. Nditafika kuno ndinagula lezala pa okala, ndinakhala kuseri kwa msika, ndinadzimeta ndekha, opanda galasi, opanda sopo. Ndinadzicheka kumbuyo kwa khutu. Anthu amadutsa, ena amaseka. Palibe anafunsa kuti wamwalira ndani.

Ndiye wolemba kabuku uja andiuze chiyani? Kodi iyeyo anakhalapo pamphasa, mutu uli chowerama, kudikira lezala? Zoti amayi amandikonda ndikuzidziwa, sindikusowa buku kuti lindiuze. Koma amene amandikondayo ali m'manda. Atsala ndi a magazi aja.

Kabuku ndinabweza. Mayi uja akuti, "Nanga mwapepukidwa, eti?"

Ndinati, "Ayi. Gulitsani tomato."

Achimwene anaimbapo foni kamodzi. Amafunsa kumene amayi ankasunga makasu. Ndinawauza.

Tsitsi likangoyamba kumera ndimalimetanso. Anthu pamsika pano amaona ngati ndi sitayilo. Ndidzasiya tsiku limene mmodzi wa ana a amayi anga adzabwere ndi lezala m'manja, nkundiuza kuti, "Iwe, khala pansi."