Maluwa Aulesi a Yunike

Inu amene mwangoti khuma n'kumati zanu zatha, tamvani za Ambokile wa ku Mwenilondo, ku Karonga.

Ambokile anali wakabaza. Tsiku lina lole inamukankhira m'ngalande, mwendo n'kuthyoka pawiri. Atamuchotsa chikhakha, namwino Emma, mayi wa ku Mulanje wosapsatira mawu, anamuuza kuti, "Bambo, mwendowu mukapanda kuupondera uuma. Simudzayendanso."

Koma kuponda kunkawawa koopsa. Ambokile anaponya ndodo yoyendera kuseri kwa chitseko n'kusanduka munthu wa pamphasa. Anali atataya mtima, tisabise.

Mkazi wake, Yunike, mayi wa mwana wawo Lughano, anali ndi maluwa a deizi kumpanda. Ambokile ankawanyoza kwabasi. Pajatu iye ankachoka mbandakucha n'kubwera dzuwa litalowa, ndiye ankawapeza atatseka ngati chibakera. "Maluwa aulesi, osamasula n'komwe! Kutaya madzi!" ankatero.

M'mawa wina Yunike atapita kumunda wa mpunga, Ambokile anasuzumira pawindo. Ha! Kumpanda kunali mbee, maluwa oyera okhala ndi kadiso pakati.

"Mwagula maluwa ena?" anafunsa madzulo.

Yunike anaseka mpaka kugwira nthiti. "Bambo a Lughano, ndi aulesi omwe aja. Usiku amagona, dzuwa likatuluka amadzuka. Amene simunkakhalapo ndinu."

Duwa kugona? Nanga limadziwa bwanji kuti kwacha? Funsoli linamuvuta ngati mchenga m'nsapato. Pawindo sankaona bwino, ndiye kutacha anatola ndodo ija. Anafika kumpanda thukuta lili kamukamu, misozi ili m'maso, koma anaona ndi maso ake duwa likutambasuka pang'onopang'ono.

Apa ndiye zinayambika. Anatenga beseni n'kuvindikira duwa limodzi masanasana, lija n'kuyamba kutseka. Ambokile anaseka yekha koyamba chichitireni ngozi. Kenako anati, kodi kanthambi kake kangamere? Anabzala tinthambi m'zitini n'kumathirira mowolowa manja. Tonse tinaola. Anabzala tina m'dothi lamchenga, madzi pang'ono, koma dzuwa la ku Karonga silichita nthabwala, tinapserera.

Ndiye anaganiza zomatulutsa zitini padzuwa la m'mawa, masana n'kuzibwezera pansi pa mtengo wa mango. Chitini chimodzi kudzanja ili, ndodo kudzanja linalo, uku ndi uku tsiku lililonse. Anzake akabaza podutsa ankamuseka. "Bambo wandevu kulera maluwa!" Iye analibe nazo ntchito, maso anali pa timasamba tatsopano timene tinayamba kuphuka.

Masana ena dzuwa linaswa mtengo mofulumira, tizomera n'kuyamba kuwerama. Ambokile anadzambatuka kukatipulumutsa. Yunike, amene ankapeta mpunga pakhonde, anaika lichero pansi.

"Bambo a Lughano, ndodo ili kuti?"

Ambokile anadziyang'ana. Chitini kumanja, chitini kumanzere. Ndodo inali itatsamira pachitseko, kutali uko. Yunike anaphimba nkhope ndi chitenje n'kulira.

Lero Ambokile amatsimphina pang'ono, koma amapalasanso njinga yake, itadzaza mbande za deizi zopita kumasukulu ndi kumaofesi a pa Boma. Chitini choyamba anakapereka kwa namwino Emma, ndipo anakafika woyenda yekha.

Ndiye inu, mukapeza duwa litatseka, musathamangire kulizula. Mwina mwangolipeza madzulo. Osataya mtima, dikirani kuche.