Tsiku Limene Ndinalondola Esinati ku Ndola

Ndiyambe ndi kuulula. Ndinawanamiza amuna anga, ndipo mpaka lero sakudziwa chimene ndinakaona ku Ndola. Ndine munthu wampingo, ndili ndi satifiketi yanga ya utayipi yochokera kukoleji, koma bodzalo linatuluka pakamwa pangapa.

Nkhani yake ndi ya mlamu wanga Esinati, mlongo wawo wa amuna anga, bambo a Dalitso, amene tinamutenga ku Katete kuti adzaphunzire sekondale kuno ku Kitwe. Loweruka lililonse ankati akupita ku Ndola kukaphunzira nyimbo ndi kwaya. Koma ankabwerako akutsimphina, kudya ngati munthu wapansi pamgodi, Lamulungu n'kumasinza m'tchalitchi. Zovala zina ankachapa mobisa. Mayi aliyense akudziwa kumene zizindikiro zotere zimaloza.

"Amake Dalitso, mumulondole," anatero amuna anga. "Ngati kuli mwamuna, Lolemba akwera basi yakumudzi. Sukulu ithere pomwepo."

Loweruka ndinanyamuka kwathu ku Buchi seveni koloko, Dalitso wa miyezi isanu ndi itatu ali kumsana, duku nditalitsitsa mpaka m'nsidze. Esinati anali patsogolo ndi kachikwama kake, akuyenda mwandawala. Ndinadzifunsa: nyimbo zanji zothamangira chonchi?

Pasiteshoni kondakitala ankakuwa m'Chibemba kuti tifulumire, "Endesheni, mayo!" Ndinapereka fifite ngwee n'kulowa nditabisala kumbuyo kwa mayi wina wonenepa wa dengu la tomato. Esinati anakhala kutsogolo, ine kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi mdala wina wa ndevu zoyera. Mdalayo anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anandifunsa m'Chibemba ngati ndikuthawa apolisi kapena mwamuna.

"Dzino likundiwawa, tata."

"Dzino lapamphumi?"

Ndinatembenukira kuwindo.

Titawoloka mlatho wa Kafue tinatsekeredwa kumbuyo kwa malole a kopa, ndipo basi inayamba kukwawa. Pamenepo Esinati anaseka ndi mnzake wapampando, Dalitso n'kuwamva mawu a azakhali ake. Anayamba kudumpha, manja kutsogolo. Ndinamutseka pakamwa ndi bere msangamsanga, thukuta lili kamukamu.

Pamphambano ya ku Luanshya basi inaima, amayi ogulitsa n'kuunjikana m'mawindo. Esinati anagula zitumbuwa sikisi, n'kudya zonse yekha. Mtima wanga unati, uyu akudyera awiri. Atapukuta manja anasolola kapepala pachifuwa, n'kukayang'anitsitsa akumwetulira. Kalata ya chibwenzi, basi. Ndinayamba kale kukonza mawu okawauza apongozi.

Tinafika ku Ndola naini koloko itapitirira. Iye sanalowere kutchalitchi kulikonse. Anadutsa msika, nadutsa njanji, ine pambuyo ndikubisala m'mitengo ya m'mbali mwa msewu, mpaka kuseri kwa sukulu ina. Apo panaima bambo wina wa njinga, malaya oyera ositasita. Anamupatsa Esinati phukusi lokulunga m'nyuzipepala, mwanayo n'kulumpha ndi chimwemwe.

Ndinalephera kudzigwira.

"Bambo inu! Ankhoswe anu ali kuti? Kwathu mwana wa munthu satoledwa panjira ngati masuku!"

"Alamu!" anakuwa Esinati. Phukusi linagwa n'kumasuka. Munali nsapato zampira, zakutha, zamanomano kunsi.

Bambowo anavula chipewa. Anati ndi mphunzitsi wapasukulupo. "Mkazi ndili naye, mayo, ndi uyo waima pagoloyo. Mmodzi yemweyo wandikwana."

Ndinatembenuka. Pabwalo lafumbi panali atsikana ndi amayi oposa makumi awiri, akuvula zitenje, m'kati muli makabudula. Komabe sindinakhulupirire. Amuna ochenjera amayamba ndi mphatso.

"Bweretsa kalata ija," ndinatero.

Esinati anandipatsa. Sinali kalata. Chinali chithunzi chodula m'nyuzipepala: mkazi wamfupi, tsitsi atamanga kumbuyo, mwendo uli m'mwamba akumenya mpira, kumbuyo kwake anthu odzaza bwalo mpaka kumwamba.

"Ndi wa ku Mexico ameneyo, alamu. Amasewera kutsogolo ngati ine, womwetsa zigoli. Akuti mpira ndiyo ntchito yake."

"Wakuuza ndani?"

"Zalembedwa pansipo. Si inu muli ndi satifiketi?"

Ndinawerenga kawiri. Zinali zoona.

Ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango. Kunena zoona, poyamba mpirawo sindinkauona. Ndinkayang'ana amuna amene anaima m'mbali mwa bwalo, kuti ndani maso ake ali pa mlamu wanga. Onse anali pa iye. Ena ankakuwa, "Bwererani mukaphike!" Wina anati, "Kamtsikana ka Chinyanja ako, miyendo ngati bango!"

Kenaka mpira unamupeza. Esinati anamudutsa mayi wina wamtali chakumanzere, wina anamutchera mwendo, iye n'kulumpha. Anatsala yekha ndi mkazi wa aphunzitsi uja. Ndinangozindikira ndaimirira, duku lili pansi, Dalitso akulira, ine ndikukuwa, "Menya, mlamu! Menya!" Mpira unalowa. Nthungululu imene ndinaimba pamenepo, ngakhale paukwati wa mng'ono wanga sindinaimbe yotero. Wa "miyendo ngati bango" uja ndiye ankaomba m'manja kuposa onse.

Tinakwera basi ya firii koloko, ulendo uno mpando umodzi, tikugawana chimanga chootcha. Titafika pa Kafue, Esinati anandifunsa.

"Mukawauza achimwene?"

"Mwamuna palibe ndithu?"

"Palibe."

"Aphunzitsi aja?"

"Ha, alamu!"

Ndinayang'ana zipsera zam'miyendo yake. Amuna anga ndimawadziwa. Mwamuna akanakhalapo, mwina akanati abwere ndi akwawo tikambirane. Koma mlongo wawo, ntchafu pamtunda pamaso pa anthu a mu Ndola? Basi yakumudzi sikanadikira n'Lolemba lomwe.

Ku Buchi tinawapeza ali pakhonde, khutu pa wailesi, akumvera mpira. Esinati anawagwadira n'kulowa m'nyumba.

"Mwapeza zotani, amake Dalitso?"

"Akuimba ndithu. Mawu ake ndi amene akutsogolera."

"Nanga mawu anuwo asasa bwanji?"

"Ndinathandizako."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anakweza wailesi. Mpaka lero sindidziwa ngati anakhulupirira, kapena tsopano akulondola ine.

Ulendowu unandiphunzitsa kuti munthu ukanyamuka utaweruza kale, chilichonse panjira chimasanduka mboni, ngakhale chitumbuwa. Koma mtendere sunandipatse. Loweruka lililonse Esinati akatuluka, ndimakhala mtima uli m'mwamba. Akadzathyoka mwendo, ndidzati wathyokera pa nyimbo iti? Akanapita kumudzi, bwenzi pano ali pabanja asanamalize sukulu. Watsala, koma watsalira pa bodza langa.

Inu amayi anzanga, amene mukusunga ana a eni m'nyumba zanu, tandiuzani. Ndinalakwa?