Tsiku Limene Amayi Anadisichajidwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anabwera kuchokera kuchipatala nandiuza kuti amayi awadisichaja. Tinkakhala ku Nkhorongo mumzinda wa Mzuzu, boma litawasamutsa bambo kuchoka ku Dedza. Yunivesite inali ikukula masiku amenewo, ndipo pafupifupi nyumba iliyonse inali ndi kachipinda kochititsa lendi ophunzira. Kwathu kunkakhala anti Wezi a ku Rumphi, amene ankaphunzira Chingerezi.

Liwulo ndinkaganiza kuti ndikulidziwa. Aliyense amene ndinamuona atadisichajidwa ankabwera akuyenda yekha. Choncho ndinakolopa kuchipinda, kenako ndinathamanga khomo ndi khomo kulengeza kuti amayi achira. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anangoti, "Yewo, mwana wane," maso ali pansi.

Galimoto itafika, amayi anawatulutsa atawanyamula pabulangete. Milomo yawo inali yong'aluka, ndipo pamwamba pa fungo la mankhwala panali fungo lina limene ndinali ndisanalimvepo. Sanandizindikire.

Ndinawapeza anti Wezi kuseri akuchapa.

"Anti, kodi discharge si kuchira?"

Anapukuta thovu m'manja nandikhazika pa njerwa. Anandiuza kuti liwulo limagwira ntchito zambiri: msilikali akamuchotsa ntchito, batire ikamatha moto, ngakhale mafinya akamatuluka pabala. Kalekale, anatero, linkatanthauza kutsitsa katundu m'ngolo.

"Likungonena kuti achoka pabedi la kuchipatala. Za kuchira silikunena kanthu."

"Nanga amayi?"



"Pita ukakhale nawo. Masiku ano usapite kosewera, wapulika? Wamva?"

Ndinamvera. Kunja mvula yowaza ya Mzuzu sinkakata, ndipo ine ndinkakhala pamphasa pambali pa amayi, kuwanyowetsa milomo ndi supuni ya madzi. M'mawa wina anatsegula maso, nanditchula dzina, nandifunsa ngati ndadya. Sanalankhulenso. Sabata isanathe tinali m'lole, kuwaperekeza ku Dedza.

Kwa zaka zambiri ndinkawasungira bambo mkwiyo, ndikuti anandinamiza. Lero ndadutsa msinkhu umene anali nawo, ndipo ndikuona kuti sananame. Anabisala m'liwu lachizungu chifukwa m'Chichewa akanayenera kuuza mwana wawo kuti amayi ake akubwera kudzamwalirira pakhomo. Pakamwa pawo panalemera. Anti Wezi, amene sanali m'bale wathu n'komwe, ndi amene analimba mtima, ndipo chifukwa cha iwo amayi atatsegula maso anandipeza ndilipo.