Kachikopa ka Bambo a ku Nsambe

Chaka changa chachiwiri ku Neno ndinali mu labu, pa chipatala cha pa boma. Kwathu ndi ku Dedza, ku Nenoko ananditumiza nditangomaliza maphunziro. Tsiku ndi tsiku ndinkayeza magazi, makhololo ndi mikodzo, moti odwala ambiri ndinkawadziwira manambala a pa timabotolo. Bambo a ku Nsambe okha ndi amene nkhope yawo inandikanirira m'maso mpaka lero.

Anabwera m'mwezi wa Juni, nyengo imene chifunga chimachedwa kuchoka m'mapiri. Anali mlimi wa mbatata ya kachewere ndi tirigu, munthu wamtali, woyankhula mosathamanga. Anafika pa njinga yamoto, akazi awo atawagwirira kumbuyo. Phazi lawo lamanzere linali lopanda nsapato chifukwa panalibe nsapato imene ikanalowa. Mwendowo unatupa kuyambira m'bondo kutsika m'munsi, wolimba ngati chipika, ndipo pakhungu panali timadontho takuda, tina titatumphuka, tina titaphulika. Iwo ndi akazi awo anali atamwa mankhwala otalikitsa moyo kwa zaka zingapo osadumphitsa, ndipo mabuku awo akuchipatala ankawanyamula m'jumbo imodzi.

Adokotala athu anandiitana kuti ndibweretse kabotolo ka mankhwala oletsa kuola. Anawabaya jakisoni wochititsa dzanzi, nadula kachikopa kochepa ngati njere ya nyemba, n'kukaponya m'kabotolomo. Ine ndikulemba nambala, bambo aja anali kundiyang'ana m'manja.

"Kodi amayi, kanyama kangaka mukupita nako kuti?"

"Ku Blantyre, bambo. Kumeneko kuli akatswiri amene akakaone kuti tidziwe matendawa."

"Akatha kukaona amakataya?"

Sindinkadziwa bwinobwino, ndiye ndinangoti amakasunga. Akazi awo, amene anali atakhala pa benchi, anayankhula akuyang'ana pansi.

"Kumudzi anatiuza kuti tisalole kudula. Akuti chotupa chikalawa mpeni chimakwiya."

Adokotala anawafotokozera kuti si zoona. Mayiwo anavomera ndi mutu, koma ndinaona kuti mawuwo sanalowe.

Zotsatira zinabwera patatha masabata angapo: khansa ya pakhungu. Bambo aja anayamba kulandira mankhwala a m'diripi, ndipo ulendo uliwonse ankayambira kwa ine kuti ndione ngati magazi awo angapirire. Poyamba zinthu zinayenda. Mwendo unaphwa pang'ono, ndipo tsiku lina analowa mu labu atavala patapata kumapazi onse awiri, akundionetsa ngati mwana amene wagulidwa zatsopano. Anandibweretsera ngakhale kathumba ka mbatata.

Koma kutentha kwa Okutobala kutayamba, patapata uja anasiya kulowa. Timadontho tinakwera kupitirira bondo. Tsitsi linali litathothoka, zikhadabo zitada, ndipo magazi awo ankatsika ulendo ndi ulendo.

Nthawi imeneyo kunkabwera dokotala wina wamkazi wochokera ku Blantyre kudzaona odwala khansa. Anali atakhala zaka zingapo kunja, m'labu yofufuza za maselo a khansa, ndipo ankakonda kutiphunzitsa. Tsiku lina anabwera ndi kagalasi kamene anaikapo kachikopa ka bambo aja, kodulidwa mopyapyala ndi kupakidwa utoto. Anakaika pa maikulosikopu yanga, nati ndione.

Ndinali nditazolowera kuona tizilombo ta malungo, tobalalika apo ndi apo. Izi zinali zina. Maselo ataliatali, osongoka mbali zonse, anali atathithikana n'kumayenda mizeremizere ngati nsomba m'madzi, ndipo pakati pawo panali timing'alu todzaza magazi. Malo opanda kanthu panalibe.

"Nanga bwanji mankhwala asiya kugwira?" ndinafunsa.

"Zifukwa zingakhale zingapo," anatero adokotalawo. "Maselo ena a khansa amatha kulavula mankhwala asanawaphe. Ofooka amafa, olavula aja amatsala n'kuswana. Komanso taganizani, achemwali: diripi timaika pa mkono, matenda ali kumwendo wouma ngati mtengo. Mankhwala amayenda thupi lonse, kuwononga magazi ndi tsitsi, ofika pa chotupa n'kukhala ochepa."

Kenaka anandiuza za ntchito imene ankagwira kunja. Anati ofufuza amakulunga mankhwala m'timipira ta mafuta, tating'ono kwambiri koti ngakhale maikulosikopu yangayo singatione. Timipirato timayenda m'magazi mankhwala ali otsekeredwa m'kati, ndipo tikafika pa chotupa, pamene mitsempha yake ndi yobookabooka, timatulukira pomwepo n'kuunjikana.

"Ndiye mankhwala oterowo alipo?"

"Ena alipo kale, ena akuyesedwabe. Koma kuno sanafike."

Ananena zimenezi akupukuta magalasi awo, osandiyang'ana.

M'mawa mwake bambo aja anabwera. Nditayeza ndinapeza kuti magazi atsika kwambiri, diripi sakanalandira tsiku limenelo. Nditawauza, anakhala pa mpando, chipewa chili pa bondo.

"Ndamva kuti kanyama kanga kabwerera," anatero. "Ndingakaone?"

Ndinapita kukafunsa adokotala a ku Blantyre aja, ndipo anati ndi thupi lawo, aone. Ndinawakhazika pa mpando wanga, ndi kuwaonetsa poika maso. Anavutika poyamba, akutsinzina diso limodzi. Anayang'ana nthawi yaitali, mpaka anthu pa mzere panja anayamba kung'ung'udza.

"Zonsezi zili mwa ine?"

"Izi ndi za m'kachikopa kaja kokha, bambo."

"Kokha kaja." Anadzutsa mutu. "Amayi, ine ndine mlimi. Chiwawu ukachiona pa tsamba limodzi la mbatata, usanyengeke. Munda wonse umakhala utagwidwa kale."

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndimadziimbabe mlandu. Pofuna kuwalimbitsa mtima ndinawauza za timipira ta mafuta tija, kuti anthu ophunzira akugwira ntchito usana ndi usiku kuti mankhwala azipita pa chotupa penipeni. Ndinanenanso kuti kuno sanafike, koma iwo anagwira mbali yoyamba yokha. Nkhope yawo inasintha. Kuyambira tsiku limenelo, akangolowa pakhomo, moni asanathe, funso linali limodzi.

"Timipira tija tafika?"

"Ayi bambo, sitinafike."

"Chabwino. Mwina ulendo wamawa."

Anandifunsa katatu, maulendo atatu. Ulendo wachitatu mawu awo anali osasa, ndipo atatsegula pakamwa ndinaona kadontho kakuda kumwamba kwa m'kamwa. Ankatsokomola chouma, chosatulutsa kanthu. Akazi awo anandiyang'ana ali chiimire pakhomo, ndipo ine ndinathawitsira maso pa kabotolo ka magazi.

Mvula inayamba. Misewu ya kumapiri ikanyowa imaterera ngati sopo, ndiye tsiku lawo litakwana osabwera ndinati ndi msewu. Tsiku lawo lotsatira sanabwerenso. Foni imene analembetsa inkangoti siyikupezeka.

Mu Januwale ndinakwera nawo galimoto ya chipatala kupita ku Nsambe kukatenga magazi a odwala pa chipatala chaching'ono cha kumeneko. Tinafika matope ali mpaka m'zitseko. Ndikutsitsa bokosi langa, ndinaona mayi wina atakhala payekha pakhonde, atafunda nsalu yakuda. Sindinawazindikire mpaka pamene anaimirira. Anali akazi a bambo aja.

Anandiuza kuti amuna awo anamwalira kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike. Mpweya unkawathera, ndipo sabata yomaliza ankagona chokhala, atatsamira thumba la tirigu. Kuchimuna anawanena mayiwo pamaliro pomwepo, kuti ndiwo analola mpeni.

"Pepani mayi," ndinatero. "Pepani kwambiri."

"Sindinabwerere zimenezo, achemwali. Ndamva kuti galimoto ibwera lero. Tiyeni kuseri."

Tinalowa m'kachipinda kosungira katundu. Anatseka chitseko okha, nakweza chitenje. Pa ntchafu, m'kati, panali kadontho kamodzi kakuda, kosalala, kosaposa chikhadabo cha chala chaching'ono.

"Sikawawa, sikayabwa," anatero. "Ka bambo kanayambanso chonchi. Tinkati ndi kachilonda ka kumunda. Mudule. Koma mudule lero, akumudzi asanamve."

Ine ndinalibe chilolezo chodula, ndipo zipangizo zake panalibe pamalopo. Tinawatenga pa galimoto yomweyo, atakhala pakati pa ine ndi bokosi la magazi. Madzulo ake kachikopa kawo kanali m'kabotolo, ndipo nambala ndinalemba ndine.

Zotsatira zinati ndi matenda omwe aja, koma ogwidwa msanga. Adokotala anaunikanso mankhwala awo a tsiku ndi tsiku, nawauza kuti azibwera mwezi uliwonse. Sanaphonyepo. Mvula ikatseka msewu ankayenda wapansi mpaka pomwe angapeze njinga yamoto. Pofika nyengo yokolola kadontho kaja kanali katazilala, ndipo mayiwo anayambanso kuseka, n'kumandiuza za mbewu imene asunga.

Kumapeto kwa chaka chimenecho kalata yanga yosamukira ku boma lina inabwera. Sabata yanga yomaliza mayi aja anabwera kudzayezetsa magazi. Nditatha kuwatenga, duku lawo linamasuka, ndipo anaweramira kutsogolo kuti alimange. Kuseri kwa khutu lawo lamanja ndinaona kadontho kena, kakang'ono, pamalo pamene iwo okha sakanatha kudziona.

"Mayi, musapite kaye," ndinatero. "Ndiitane adokotala."

"Kwachitika chiyani?"

"Ndikufuna angokuonani pang'ono."

Anasiya kumanga dukulo, nalipinda bwinobwino pamiyendo, n'kudikira. Adokotala anadulanso tsiku lomwelo. Ine ndinanyamuka Loweruka, katundu wanga ali pamwamba pa minibasi ya ku Blantyre, zotsatira zisanabwere.