Mapu Ozondoka a Bambo Peniasi

Bambo Peniasi Rokovada, amene tawaika m'manda mwezi wathawu, anabadwira kuno ku Nabuna, m'banja la asodzi. Ali mwana sankajomba pa mwambo umene timaunyadira kuposa wina uliwonse: kutsikira kudoko ndi nyimbo chaka ndi chaka, kukumbukira tsiku limene aphunzitsi a ku Tonga anakocheza bwato lawo ndi Uthenga Wabwino. Anzathu a ku Waisere, kuseri kwa chilumba, tinkawaseka kuti kuwala kunawapeza akadali mtulo.

Mutu wawo unali wakuthwa. Anapita kumzinda wa Suva, ndipo anaphunzira mpaka kukhala mphunzitsi wa payunivesite wa za zilumba ndi mapu akale. Koma akabwera patchuthi ankavula nsapato n'kukapalira dalo, koko wathu wa kuno, m'minda ya amayi amasiye, udokotala wonse utatsala m'sutikesi.

Mayesero anadza pamene akuluakulu anawapempha kuti alembe mbiri ya mpingo wathu, umene iwo analinso mlaliki wake. Atatsitsa mapu akale opachikidwa m'tchalitchi, anaona kuti woyendetsa sitima amene anawajambula anaika kumwera pamwamba. Mibadwo yonseyi tinkawawerenga chozondoka. Kamtanda kosonyeza pamene bwato linakocheza kanali padoko la Waisere.

"Bambo a Seini, ingotsekani pakamwa," anatero akazi awo, Mayi Litiana. "Khirisimasi tizikadyera kuti?"

"Mayi a Seini, Lamulungu ndilalikire choonadi, Lolemba ndilembe bodza? Sindingathe."

Ananyamula mizu ya yaqona, yopangira chakumwa chathu chaulemu, monga mwa mwambo, anakhala pamphasa pamaso pa akuluakulu, n'kunena zonse modzichepetsa. Amalume awo, a Savenaca, anaphulika: "Chozondoka ndi mutu wakowo, mphwanga, osati mapu! A ku Waisere akudyetsa nsomba zingati?"

Akuluakulu anawaimitsa a Peniasi kulalikira. Pomwa yaqona chikho chinkawapeza pomalizira, ngati mlendo wosadziwika. Zinkawawawa, ndipo Mayi Litiana akuti ankalira akamapemphera, koma sanabwezere munthu mawu. Tchuthi chilichonse ankabwerabe, kukhala pafupi ndi chitseko cha tchalitchi, kuimba nawo ndi mawu awo osasa aja. Namondwe atasasula denga la tchalitchi, iwo ndiwo anayamba kukwera makwerero, imvi zili mbuu.

A ku Waisere nawonso a Peniasi sanawasiye kuti anyade. Ankawauza kuti, "Mphepo ndiyo inasankha doko lanu. Mulungu ankafuna chilumba chonse."

Ife a ku Nabuna mitima yathu imafewa mochedwa, koma imafewa. Atapuma pantchito n'kubwerera kumudzi, achinyamata anayamba kuwafunsa za mapu aja poyera. Kenaka anabwezeredwa paguwa, popanda wina kutchula zakale. Chaka chatha, kwa nthawi yoyamba, mwambo unayambira ku Waisere n'kudzathera kuno, midzi iwiri ikuimba nyimbo imodzi. A Peniasi anayenda ulendo wonsewo ndi ndodo, akumwetulira.

Anatisiya m'mawa wa Loweruka, atakhala pakhonde, atangomaliza kupemphera ndi akazi awo. Madzulo ake akuluakulu a ku Waisere anafika ndi mphasa zamaliro, n'kupempha kuti akawaike kwawo, pafupi ndi doko lija, poti ndi iwo anawabwezera ulemu.

Ndipo a Savenaca, amene tsopano saona ndipo amachita kuwanyamula, anadzutsa mutu, misozi ikutsika.

"Doko tengani, abale anga, ndi lanu ndithu," anatero. "Koma mwana uyu ndi wathu."